NJINGA YAMOTO

M'midzi yambiri ya kum'mawa kwa Zambia ana amadziwa kuti kukudza mlendo asanamuone ndi maso. Amayamba kumva kulira kwa injini kuseri kwa phiri kapena kutsidya kwa dambo: thu-thu-thu-thu! Kulira kumeneku ndiko kunapatsa njinga yamoto dzina lace lina lakuti mthuthuthu. Wokwerapo kapena ndi mlangizi wa zaulimi wodzaona minda ya thonje ndi nshawa, kapena ndi wa ku cipatala amene wamangirira kumbuyo bokosi lozizira la mankhwala a katemera, kapenanso ndi wamalonda wocokera ku Katete kapena ku Petauke. Galimoto ifuna mseu wotakata, koma njinga yamoto iyenda m'kanjira ka mapazi, ipyola pakati pa minda, ndipo ioloka pa ulalo wa mitengo pamene galimoto siingayese n'komwe.

Komatu kumene njinga yamoto ifunika koposa ndi kumenenso kulibe nyumba yokonzerako makina. Ikazima pakati pa chire, makaniko angakhale ali kutali ulendo wa tsiku lathunthu. Pamenepo katemera wa m'bokosi ayamba kufunda ndi kuonongeka, ndipo amai amene anasonkhana ndi ana ao pansi pa mtengo abwerera kwao osathandizidwa. Cifukwa cace munthu wokhala ndi njinga yamoto kumudzi ayenera kudziwa zinthu ziwiri pamodzi, kuikwera ndi kuikonza. Wodziwa kukwera kokha ali ngati mlimi wodziwa kulima koma wosadziwa kukhomera khasu likaguluka.

CIYAMBI CACE

Njinga yamoto siiri yakale monga khasu kapena mtondo. M'caka ca 1876 munthu wina wa ku Germany, dzina lace Nikolaus Otto, anapanga injini ya mtundu umene uli m'magalimoto ambiri kufikira lero. Mu 1885 anthu awiri amene kale anagwira nchito pamodzi ndi iye, Gottlieb Daimler ndi Wilhelm Maybach, anaika injini yaing'ono pa njinga ya matabwa. Magudumu ace anali a mtengo okutidwa ndi citsulo, ndipo m'mbali munali timagudumu tiwiri toicirikiza kuti ingagwe. Kukwera cinthu cotere pa njira ya miyala kunali kupweteka kwa msana. Cimene cinathandiza ndi tayala lopopa mpweya, limene John Boyd Dunlop, sing'anga wa ziweto wa mu mzinda wa Belfast, analembetsa ku boma mu 1888. Pofika 1894 kampani ya Hildebrand ndi Wolfmüller ya ku Munich inayamba kupanga njinga zamoto zogulitsa.

M'masiku amene dziko la Zambia linali kuchedwa Northern Rhodesia, njinga zamoto zambiri zinali zocokera ku Britain, monga BSA, Triumph ndi Norton. Pambuyo pace zinadza za ku Japan. Soichiro Honda anayambitsa kampani yace mu 1948, ndipo mu 1958 anatulutsa kanjinga kochedwa Super Cub, kosadya petulo wambiri ndi kosabvuta kukonza. Pofika 2017 tinjinga ta mtundu umenewu tokwana 100 miliyoni tinali titapangidwa. Dzina la Honda linazolowereka kotero kuti anthu ambiri amacha njinga yamoto iri yonse honda, ngakhale ikhale ya Yamaha kapena ya Bajaj ya ku India.

M'KATI MWA INJINI

Injini ya njinga yamoto ingafanizidwe ndi mtondo ndi munsi. Mtondowo ndi silinda, ndipo munsi ndi pisitoni, imene ikwera ndi kutsika m'kati mwa silindayo. Kusiyana kwace n'kwakuti munsi ukankhidwa ndi manja a munthu, pamene pisitoni ikankhidwa ndi moto.

Pisitoni ikatsika koyamba, kacitseko kamodzi kochedwa valavu katseguka, ndipo mpweya wosakanizika ndi petulo ulowa. Ikakwera, tizitseko tonse tikhala totseka, ndipo mpweyawo upanikizika m'kamalo kakang'ono pamwamba pa silinda. Pamenepo pulagi ithetheka kamoto, petulo ayaka mwadzidzidzi, ndipo mphamvu ya motowo ikankhira pisitoni pansi. Ikakweranso, valavu yaciwiri itseguka, ndipo utsi utuluka kudzera m'mpope wa utsi. Kulira kwa "thu" kuli konse ndi kuyaka kumodzi kwa petulo. Injini ikamazungulira ka 6,000 pa mphindi imodzi, petulo ayaka ka 50 pa sekondi imodzi. N'cifukwa cace njinga yothamanga imveka ngati njuci. Mphamvu ya pisitoni ipita ku kilachi, icoka apo ipita ku magiya, ndipo cheni ciitengera ku gudumu la kumbuyo.

Tsono injini ifuna zinthu zitatu kuti ilire: petulo, mpweya ndi moto wa pulagi. Zitatuzi ziri ngati mafuwa a pa moto. Limodzi likacoka, mphika ugwa. Anthu ambiri akumbukira petulo cifukwa agula ndi ndalama, koma aiwala mpweya cifukwa ndi waulere. Conseco pa kilogalamu imodzi ya petulo injini imeza makilogalamu a mpweya pafupifupi 15. M'nyengo ya cilimwe mpweya wa m'miseu ya dothi uli wodzala ndi pfumbi, ndipo pfumbi likalowa m'silinda likhula citsulo monga tupa. N'cifukwa cace panjira ya mpweya pali sefa, imene iyenera kutsukidwa kapena kusinthidwa kawirikawiri.

Pali cinthu cacinai cimene siciyatsa injini koma cisunga moyo wace, ndico oyilo. Oyilo aterera pakati pa zitsulo zokhulana kuti zisatenthe ndi kugwirana. M'njinga zambiri za masiku ano oyilo ali ndi malo ace pansi pa injini, ndipo ayesedwa ndi kandodo kapena aonedwa pa kagalasi. Injini zina, monga ya BSA Bantam imene inapangidwa kuyambira 1948 kufikira 1971, zinalibe malo oterewa, ndipo mwini anali kusakaniza oyilo ndi petulo m'thanki momwemo. Woiwala kutero sanali kufika kutali. Pisitoni inali kutentha ndi kukanirira m'silinda.

Utsi wa injini uli ndi mpweya wina wakupha umene suoneka ndiponso sununkha. Njinga yamoto ingagone m'nyumba poopa mbala, koma siiyenera kulizidwa m'nyumba yotseka.

KUGULA NDI KUSUNGA

Akale anati, "Walira mvula walira matope." Mtengo wa njinga yamoto sutha tsiku logula. Mwini adzagula petulo ndi oyilo, adzasintha matayala, cheni ndi mabuleki zikatha, ndipo adzalipira msonkho wa mseu ndi inshuwalansi caka ndi caka. Ayeneranso kukhala ndi laisensi. M'Zambia malaisensi aperekedwa ndi bungwe la RTSA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la pamseu la mu 2002. Munthu wogulitsa ng'ombe zace zonse kuti agule njinga, osasiya kanthu koisungira, posacedwa adzaiimika pakhonde, nkhuku n'kumagona pa cishalo.

Njinga yogwirako kale nchito ifuna maso akuthwa, pakuti cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Utoto wonyezimira sunena kanthu za injini. Wogula wocenjera afika m'mamawa injini iri yozizira, cifukwa injini yotha ibvuta kulira ikazizira, koma wogulitsa akayamba waitenthetsa ilira msanga ngati yatsopano. Ayang'ana utsi: utsi wobiriwira monga thambo, pa njinga yosasakaniza oyilo ndi petulo, usonyeza kuti injini ikuocha oyilo wace. Ayang'ana mano a kagudumu kokoka cheni. Akapindika ndi kusongoka ngati minga ya kankhande, atha nchito. Koposa zonse ayerekeza manambala olembedwa pa injini ndi pa thupi la njinga ndi manambala a m'buku la umwini. Akasiyana, njingayo ingakhale yakuba, ndipo wogula adzataya njinga ndi ndalama zomwe.

KUPHUNZIRA KUKWERA

Mnyamata wina anapempha atsibweni ace kuti amphunzitse kukwera njinga yao. Iwo anamtengera ku bwalo la mpira tsiku limene kunalibe ana osewera.

"Atsibweni," anatero mnyamatayo, "njinga yopalasa ndiidziwa kale. Ingondionetsani poliza injini, zinazo ndiona ndekha."

"Mphwanga," anayankha iwo, "njinga yopalasa iima iwe ukatopa. Iyi siitopa. Lero uphunzira kuiimika. Kuthamanga n'kwa tsiku lina."

Ndipo anamuuza kuti akankhe njingayo yosaliza kuzungulira bwalo lonse, kuti adziwe kulemera kwace ndi m'mene igwirira mabuleki. Kenaka anamkhazika pa cishalo, namuuza kuti atsinzine ndi kuchula nchito ya dzanja liri lonse ndi phazi liri lonse. Dzanja lamanzere ligwira kilachi. Dzanja lamanja lipotoza cogwirira coonjezera moto, ndiponso likoka buleki ya kutsogolo. Phazi lamanzere lisintha magiya, ndipo phazi lamanja liponda buleki ya kumbuyo. Pa njinga zakale za ku Britain mapazi anali kugwira nchito mosinthana, giya kumanja ndi buleki kumanzere, ndipo ambiri ozolowera mtundu umodzi anagwa pokwera mtundu winawo.

Injini italira, mnyamatayo anakoka kilachi, naponda giya yoyamba, nataya kilachi msanga. Njinga inadumpha ngati mbuzi yolumidwa ndi mabvu, nizima. Anacita cimodzimodzi katatu.

"Usataye kilachi ngati wagwira khala la moto," anatero atsibweniwo. "Uimasule monga munthu aika dzira pansi. Ukamva njinga ikuyamba kukoka, imitsa zala pomwepo, uonjezere moto pang'ono, ndipo umalize kumasula."

Ulendo wacinai njinga inayenda bwino. Koma pofika kumapeto kwa bwalo mnyamatayo anaona mtengo wa goli, nauyang'anitsitsa poopa kuugunda, ndipo njinga inalunjika pa mtengo womwewo. Mwai wace unali wakuti anali kuyenda pang'onopang'ono. Atsibweni ace anamdzutsa, namsansa pfumbi, nati, "Njinga itsata maso ako. Yang'ana kumene ufuna kupita, osati cimene ukuopa."

Mau amenewa ndi oona pa mseu uli wonse. Wokwera woyang'anitsitsa dzenje alowa m'dzenjemo, ndipo woyang'ana pansi pa gudumu lace saona ngolo ya ng'ombe imene yaima patsogolo.

Ophunzira ambiri aopa buleki ya kutsogolo, poganiza kuti idzawagwetsa cafufumimba. Koma pa mseu wa tara buleki imeneyi ndiyo iri ndi mphamvu yambiri yoimitsa njinga, cifukwa poima kulemera konse kupita ku gudumu la kutsogolo. Wokwera wabwino agwira mabuleki onse awiri pamodzi, akukoka ya kutsogolo mofinya pang'onopang'ono, osati mokwatula. Pa mcenga, pa matope ndi pa miyala yomwazika ndi pamene buleki ya kutsogolo ifuna kusamala kwakukuru, pakuti gudumu likagwidwa mwamphamvu literereka ndipo njinga igona pansi. Pofika pa mcenga wa m'mphepete mwa mtsinje, wokwera acepetsa liwiro asanalowemo, aika giya yaing'ono, akhala cakumbuyo pa cishalo, ndipo apita ndi moto wosasintha, osaumitsa manja.

Liwiro linyenga. Njinga yothamanga makilomita 60 pa ola ipita mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi yokha. Ndiponso munthu akawirikiza liwiro kawiri, mtunda umene mabuleki afuna kuti aimitse njinga suwirikiza kawiri koma kanai. Pa midzi ya m'mbali mwa mseu mbuzi, nkhumba ndi ana ang'ono adumphira mu mseu osayang'ana, ndipo mbuzi imodzi ikaoloka, zinzace ziri pambuyo. M'Zambia zonse zoyenda pa mseu ziyenda kumanzere. Wokwera njinga asabisale pafupi kumbuyo kapena m'mbali mwa galimoto lalikuru la katundu, cifukwa ngati iye saona nkhope ya dalaivala m'galasi, dalaivalayonso samuona iye. Za mowa n'zosafunika kunena zambiri: magudumu awiri abvuta kale munthu wosaledzera.

Wonyamulidwa kumbuyo alinso ndi zace zoyenera kudziwa. Aike mapazi pa zopondera nthawi zonse, apendekeke pamodzi ndi woyendetsa pokhota, ndipo asakhudze mpope wa utsi, umene uocha mwendo msanga ndi kusiya cipsera ca moyo wonse. Amai obvala citenje acipinde bwino, cifukwa nsonga yace ikalowa m'masipoko kapena m'cheni ikoka munthu ndi kumgwetsa.

CISOTI

Mu 1935 Mngelezi wina wochuka, T. E. Lawrence, anagwa pa njinga yace yamoto popewa anyamata awiri okwera njinga zopalasa. Sanabvale cisoti, ndipo anabvulala m'mutu namwalira patapita masiku 6. Mmodzi wa madotolo amene anamsamala, Hugh Cairns, anayamba kufufuza za asilikari onyamula makalata pa njinga zamoto, napeza kuti ambiri anali kufa ndi mabala a m'mutu. Cifukwa ca nchito yace, mu 1941 gulu la nkhondo la Britain linalamula kuti okwera njinga zamoto onse a m'gululo azibvala zisoti zolimba. Akatswiri a zaumoyo a m'zaka za pambuyo pace anawerengera kuti cisoti cicepetsa imfa ndi magawo pafupifupi 42 mwa 100, ndi mabala a m'mutu ndi magawo pafupifupi 69 mwa 100.

Lamulo la Zambia lifuna kuti woyendetsa ndi wonyamulidwa yemwe abvale cisoti. Koma cisoti cosamanga lamba pansi pa cibwano cibvuka munthu asanafike pansi, ndipo cisoti copacika pa cogwirira cichinjiriza cogwiriraco basi. Cisoti cimene cinagundapo pansi mwamphamvu ciyenera kusinthidwa, ngakhale kunja cioneke cabwino, cifukwa cofewa ca m'kati cimene cilandira nkhonya cigwira nchito kamodzi kokha.

M'MAWA ULI WONSE

Cakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, Barry ndi Andrea Coleman a ku Britain, pamodzi ndi Randy Mamola, katswiri wa mpikisano wa njinga zamoto wa ku America, anadziwa za cinthu cina comvetsa cisoni m'maiko a mu Africa. Njinga zamoto zimene zinaperekedwa kwa anchito a zaumoyo zinali kungokhala kuseri kwa zipatala, zina zisanayende n'komwe mtunda wautali, cifukwa cosowa tizitsulo ting'onoting'ono ndi munthu wodziwa kuzisamala. Iwo anayambitsa bungwe la Riders for Health, limene linagwira nchito ku Lesotho, ku Gambia, ku Zimbabwe, ku Zambia ndi kwina. Ciphunzitso cao cacikuru cinali cakuti wokwera aliyense aone njinga yace m'mawa asananyamuke, ndi kusintha citsulo cisanathyoke.

Kuonako sikutenga nthawi yaitali. Mwini asuzumira m'thanki, ayesa oyilo njinga itaima cilili, ndipo akanikiza cheni ndi cala pakati pace. Pa njinga zambiri zazing'ono cheni ciyenera kusewera masentimita 2 kapena 3. Cikathina cidya zitsulo, cikalendewera ciguluka. Acithira oyilo pang'ono. Kenaka ayesa manati ndi sipanala, pakuti miseu ya mabampu imasula manati tsiku ndi tsiku, ndipo pomaliza ayesa mabuleki, nyali, belu ndi mpweya wa m'matayala.

IKAZIMA PA NJIRA

Mseu waukuru wa kum'mawa, wocokera ku Lusaka kufika ku Chipata, uli wotalika makilomita pafupifupi 570. Kuyambira pa mlatho wa Luangwa kupyola Kacholola kufika ku Nyimba mseuwo ukhotakhota m'mapiri, ndipo midzi iri patalipatali. Tinjira topatuka pa mseuwu ndiye tosoweratu wothandiza. Munthu woyenda m'malo otere sacoka panyumba wopanda thumba la zipangizo: sipanala ya pulagi, masipanala ena ocepa, pulayala, comasulira masikuluwu, zitsulo ziwiri zobvulira tayala, pampu, zigamba ndi sulushoni, pulagi yatsopano, kolumikizira cheni, ndi nsanza.

Njinga ikazima, coyamba ndi kuikankhira kunja kwa mseu. Caciwiri ndi kukumbukira m'mene inazimira, pakuti kazimidwe kace kanena matenda ace. Injini imene inayamba kutsokomola ndi kufooka pang'onopang'ono kawirikawiri yasowa petulo. Imene inazima kamodzin'kamodzi ngati nyali kawirikawiri yasowa moto wa pulagi. Munthu wosadekha ayamba kumasula injini yonse, namwaza manati mu udzu. Wodziwa ayamba ndi zapafupi.

Ayamba ndi petulo. Njinga zambiri ziri ndi kampopi pansi pa thanki, kokhala ndi malo atatu: kutsegula, kutseka, ndi petulo wosungira. Anthu ambiri akankha njinga mtunda wautali pamene akanangotembenuzira kampopiko ku petulo wosungira. Ngati petulo alimo, mwini acotsa kapaipi kopita ku kabureta, ndiko kacipangizo kosakaniza petulo ndi mpweya, kuti aone ngati petulo atsika. Akapanda kutsika, kapena kapaipi katsekeka ndi zinyalala, kapena kabowo ka pa cibvundikiro ca thanki katsekeka ndi pfumbi. Kabowoka kalowetsa mpweya m'thanki, ndipo kakatsekeka petulo aleka kutsika, monga madzi akana kutuluka m'botolo lozondotsa. Petulo wogula m'mabotolo m'mbali mwa mseu nthawi zina ali ndi madzi kapena mcenga. Madzi alemera kuposa petulo, conco akhala pansi pa kabureta. Pali kasikuluwu pansi pomwepo kamene kakamasulidwa madziwo atuluka. Pocita zonsezi pasakhale fodya kapena macesi pafupi.

Petulo akakhala bwino, mwini adikira injini izizire, namasula pulagi. Nsonga ya pulagi iri ngati lilime la wodwala kwa dotolo. Ikakhala yofiirira monga dothi louma, injini iri bwino. Ikakhala yakuda ndi mwaye, petulo acuruka kapena sefa ya mpweya yatsekeka. Ikakhala yoyera mbuu, injini ikutentha kwambiri cifukwa petulo acepa. Ikakhala yonyowa, petulo afika koma sayaka. Poyesa moto, abwezera pulagi m'cipewa ca waya wace, aigoneka kuti citsulo cace cikhudze citsulo ca injini patali ndi bowo la pulagi, naponda coliza injini. Kamoto kobiriwira kothetheka pa nsonga kasonyeza kuti magetsi ali bwino. Asagwire citsulo ca pulagi ndi dzanja poyesa, cifukwa magetsiwo anjenjemeretsa mkono wonse. Moto ukasowa, apala mwaye, aona kampata ka pa nsonga, kamene pa njinga zambiri zazing'ono kali pakati pa mamilimita 0.6 ndi 0.7, kapena aika pulagi yatsopano ija. Moto ukasowabe, atsata waya uli wonse kufunafuna umene waguluka kapena wakhulika. Pobwezera pulagi ayamba kuipotoza ndi zala, sipanala pambuyo, kuti asaononge mizere ya m'bowo.

Cheni cikaduka, cilumikizidwa ndi kolumikizira kaja. Kali ndi kapanizo kooneka ngati kansomba, kotseka mbali imodzi ndi kotsegula mbali inayo. Mbali yotseka iyenera kuyang'ana kumene cheni cipita, monga nsomba isambira ndi mutu patsogolo. Kakaikidwa cam'mbuyo kakodwa ndi kuthothoka, ndipo cheni cidukanso.

Bvuto lofala koposa ndi kubooka kwa tayala, makamaka m'njira za minga. Mnyamata wodziwa kumata chubu ca njinga yopalasa adziwa kale theka la nchitoyi, kungoti tayala la njinga yamoto liri lolimba kwambiri. Pocotsa gudumu, aika manati ndi tizitsulo tonse pa nsanza mwa ndondomeko imene taturukira, kuti pobwezera asasokoneze. Abvula mbali imodzi ya tayala ndi zitsulo zija, asolola chubu, acipopa pang'ono, ndipo afuna bowo pocibviika m'madzi, kapena pocipititsa pafupi ndi tsaya ngati madzi palibe. Apala pozungulira bowo kuti pakhale pokhakhala, apaka sulushoni wocepa, ndipo adikira kufikira sulushoniyo aleke kunyowa. Apa ndi pamene ambiri alakwa: aika cigamba sulushoni akali wamadzi, ndipo cigambaco cimatuka asanayende kilomita imodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Asanabwezere chubu, ayendetsa zala mosamala m'kati mwa tayala monse kufunafuna munga kapena msomali, cifukwa ukatsala ubooanso pomwepo. Pobveka tayala aika kampweya pang'ono m'chubu kuti cisapindike, ndipo asamala kuti zitsulo zisacitsine.

Pali matenda ena amene sangacizidwe m'mbali mwa njira. Injini ikayamba kugogoda m'kati ngati munthu akusula khasu, kapena coliza injini cikakana kutsika, mwini asaikakamize, pakuti kutero kuonjezera zoonongeka ndi mtengo wa kukonza. Dzuwa likapendeka njinga isanalire, si bwino kuyenda mumdima wopanda nyali kapena kugona pa chire. Wokwera atseka kampopi ka petulo, acotsa kiyi, akankhira njinga ku mudzi wapafupi, ndipo ayamba wakaonekera kwa a nyakwawa ndi kufotokoza kumene acokera ndi kumene apita. Ngati wanyamula mankhwala, atumiza uthenga pa foni ku cipatala, kapena apempha mnyamata wa njinga yopalasa kuti apititse bokosilo usiku usanagwe. Njingayo igona m'mudzimo, ndipo m'mawa ikwera ngolo ya ng'ombe kupita ku mseu waukuru.

MAFUNSO

1. Chulani zinthu zitatu zimene injini ifuna kuti ilire. Nanga nchito ya oyilo ndi yotani?
2. Cifukwa ninji wogula njinga yogwirako kale nchito ayenera kufika m'mamawa?
3. Fotokozani tanthauzo la mau a atsibweni akuti, "Njinga itsata maso ako."
4. Njinga ina iima pa mamita 5 ikagwidwa mabuleki pa liwiro la makilomita 30 pa ola. Idzaima pa mamita angati pa liwiro la makilomita 60 pa ola?
5. Kodi Hugh Cairns anali yani, ndipo anacita ciani?
6. Lembani mwa ndondomeko zimene munthu acita pomata chubu cobooka.